Nkhani Imene Amayi Ankasungira Poperekeza

Kupita ku Jeremani ndinasankha ndekha, palibe anandikankha. Ndimayamba ndi zimenezi chifukwa masiku ano anthu akafuna kunditonthoza amati, "Hawa, usadziimbe mlandu, unapita kukafuna moyo." Moyo wake uti? Ndinali m'kagulu ka achinyamata pa boma pa Mangochi, tikuyendera okalamba m'midzi, kuwasesera ndi kuwatungira madzi. Tsiku lina kunabwera uthenga woti bungwe lina likufuna munthu mmodzi wodzipereka, apite kunja chaka chathunthu akathandize pa nyumba yosungiramo nkhalamba. Malipiro kunalibe, kupatula malo ogona ndi kandalama ka sopo. Anzanga ankayang'anizana, ine ndinakweza dzanja wowerengayo asanamalize n'komwe. Ndinkafuna kukwera ndege. Ndinkafuna kuti ku Makanjira kwathu azinena kuti mwana wa Abiti Saidi ali kunja.

Nthawi imeneyo n'kuti amayi atayamba kale kudwala, ine osadziwa. Ndinene pano kuti mudziwiretu: anali matenda a chizimayi, kutaya magazi kwa munthu amene anasiya kalekale kupita kumwezi, matenda oti akapezeka msanga madokotala amatha kuchitapo kanthu. Sakanauza amalume Che Bakali, mlongo wawo. Sakanauza Yusufu, mlongo wanga wamng'ono amene ankakhala nawo, chifukwa zoterezi sauza mwana wamwamuna. Abambo anali atamwalira. Mwana wamkazi ndinali ndekha, ndiye munthu woti amve nkhaniyo anali ine.

Vuto linali lakuti amayi anga sankadziwa kunena nkhani yaikulu atakhala pansi. Si iwo okha, ndi mmene tilili kwathu. Mlendo akafika mumayamba ndi moni wa aliyense, kenako za mvula, za mtengo wa usipa, za amene wamwalira kutsidya kwa mtsinje. Mumadya, mumacheza, dzuwa n'kupendeka. Akatsanzika mumanyamuka kumuperekeza, ana n'kubwerera panjira, n'kutsala awiri, makutu onse ali kumbuyo. Pamenepo m'pamene munthu amatsokomola pang'ono n'kutulutsa chimene chamuvuta. Zoti abambo akukwatira mkazi wachiwiri ine ndinazimvera panjira yopita kumsewu, ndikubwerera kusekondale, chikwama changa chili pamutu pa amayi. M'nyumba tinali titakhala limodzi holide yonse osanenapo kanthu.

Nditapita kukatsanzika, pakhomo panali ngati pamsika. Uyu akuti ukandigulire foni, uyo akuti nsapato za mpira, amalume akundichenjeza kuti ndikafunse kaye nyama iliyonse ndisanaike pakamwa. M'mawa wa tsiku lonyamuka lole ya ku boma inadzaza msanga ndi madengu a usipa, ndipo kwathu galimoto ikadzaza ndiye kuti nthawi yakwana. Inaliza hutala ine ndikumwa tiyi. Yusufu anasenza chikwama n'kuliyatsa liwiro, ine pambuyo pake. Amayi anali atamanga kale chitenje kuti andiperekeze, koma ankayenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Ndili pamwamba pa madengu ndinawaona ataima patali, pafupi ndi mjigo. Anakuwa m'Chiyao kuti, "Ajende chenene!" ndiye kuti uyende bwino. Kuyenda kozengereza kuja ine ndinkayesa chisoni cha mayi wosiyana ndi mwana wake.

Ku Jeremani anandiika m'katauni kakang'ono kozizira, pa nyumba yansanjika yodzaza ndi agogo amene ana awo ali kutali kapena atanganidwa. Wondiyang'anira anali Mayi Inge, mzimayi wamtali waimvi, wosaseka chisawawa koma wopanda nkhanza. Tinkamvana m'Chingerezi. Anandiuza kuti ntchito imayamba seveni koloko. Tsiku loyamba ndinadzuka bwinobwino, n'kusamba, n'kuswali, n'kufika seveni itapitirirako pang'ono, ndikupereka moni kwa aliyense amene ndakumana naye monga munthu woleredwa. Ndinawapeza ataima pakhomo la ofesi, chala chili pa wotchi.

"Hawa, kuno seveni ndi seveni."

Ine ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo sanaseke. Ha! Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Mawa lake basi inandisiya ndikuiona. Ndinkathamanga ndikukupiza dzanja, dalaivala anandiyang'ana m'maso momwemu n'kutseka chitseko. M'katimo munali anthu atatu okha. Atatu, abale! Mipando yonse ija kupita yopanda anthu, munthu ali pamsewu akupempha. Ndinatukwana m'Chiyao mokweza mpaka bambo wina woyenda ndi galu anawoloka msewu kundithawa.

Kusungulumwa kwa kumeneko n'kwa mtundu wina. Kuno ukasungulumwa umangotuluka n'kukakhala pakhonde pa wina, ngakhale osalankhula. Kumeneko kuti ukaone munthu umayamba wapempha tsiku. Loweruka lina ndinakazinga mandasi n'kukagogoda kwa mayi wina woyandikana naye chipinda, amene ankandimwetulira tikakumana pamasitepe. Anatsegula, anathokoza kwambiri, kenako anayang'ana pa foni yake n'kunena kuti Lachinayi la sabata yamawa angakonde kumwa nane khofi. Lachinayi la sabata yamawa, mandasi ali otentha m'manja mwangamu! Ndinabwerera n'kuwadya ndekha onse, misozi ikugwera m'mbale. Nyengo yozizira itafika ngakhale dzuwa linasiya kudalirika, linkatuluka mochedwa n'kulowa anthu asanaweruke. Kunalibe azana ya kumzikiti yoti indiitanire ku swala, nthawi yake inkachita kundiuza foni.

Chimene chinandisintha si kukalipiridwa ayi. Panali gogo wina, Mayi Erna, amene ndikamaliza kumusambitsa ankandigwira dzanja osafuna kulisiya. Chijeremani changa chinali cha moni wokha, koma ndinkakhala pambali pa bedi lake iye akulongolola zake. Tsiku lina ndinakhalitsa. Nditatuluka ndinapeza anthu akuthamangathamanga m'chipinda chotsatira. Bambo wa matenda a shuga amene ndinayenera kumupatsa chakudya anali atabayidwa kale jekeseni yake, akudikira ine, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Anatsitsimuka, Mulungu ndi wamkulu. Poweruka Mayi Inge anandiitana. Sanakweze mawu.

"Ndikudziwa kuti uli ndi mtima wabwino," anatero. "Koma ukakhalitsa kwa mmodzi, pali wina amene akuvutika kukudikira. Kusunga nthawi ndi njira yosamalira anthu."

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ananama. Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wina. Ndinkafika pokwerera basi isanatulukire, ndinkamaliza agogo anga onse tiyi wawo asanazizire. Ndipo ndinazikonda, ndisaname. N'zokoma kukhala kumene munthu akati abwera amabweradi, kumene sukhala tsiku lonse pabenchi kudikira bwana amene anapita kukadya. Pa Khirisimasi Mayi Inge anandiitanira kwawo, nditauzidwa mwezi wathunthu pasadakhale, ndipo ndinawaseketsa achibale awo ndi nkhani za kwathu: za ukwati wa m'mawa umene mkwatibwi amafika madzulo, za kondakitala amene amati tikunyamuka pompano galimoto ilibe tayala limodzi. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Linali tsiku loyamba kumva kuti anthu akumeneko andilandira, ndiye ndinawonjezera ndi zina zokometsera.

Khalidwelo silinandichoke. Mpaka lero ndikaitanidwa ku msonkhano ndimafika ndekhandekha, n'kukhala pansi pa mtengo mipando ili yokhayokha, wokonza msonkhanoyo akusamba kwawo. Ndimapsa mtima ndithu, ndimafika potsonya. Koma pa mipando yopanda anthuyo m'pamene maganizo a amayi amandipezera, chifukwa palibe wondisokoneza.

Amayi analibe foni. Tinkalankhulana pa ya Yusufu, ndipo netiweki kwathu imagwira pachulu china kuseri kwa mzikiti. Poyamba ankangoimba nthawi iliyonse imene batire ili ndi moto, foni n'kumanjenjemera m'thumba ine ndikusintha munthu thewera. Ndinawaikira lamulo: Lamlungu, ikatha swala ya masana. Anamvera. Koma kuimba kwa amayi kunali kucheza kwa pakhonde. Ankayamba ndi moni wanga, wa azungu anga mmodzimmodzi, kenako za mwera umene waletsa asodzi kulowa m'madzi, za mbuzi imene yaswa mapasa. Ine ndikumva mayunitsi akutha. Ndinkati, "Amayi, ngati pali nkhani nenani, foni idula." Iwo amvekere, "Nkhani yanji mwanangu? Tangokusowa." Yusufu ali chiimire pambali pawo kudikira foni yake.

Tsiku limodzi lokha anaswa lamulo lija. Linali pakati pa sabata, ndili pa nthawi yopuma, ndikudya buledi m'kachipinda ka antchito. Ndinawamva akuuza Yusufu kuti athamange akaone ngati mbuzi sizinalowe m'munda mwa anthu. Kenako mawu awo anatsika.

"Hawa, uli ndi nthawi?"

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma n'kuyankha mmene ndinaphunzirira, moona mtima, ndikuyesa kuti ndikuwachitira ulemu. "Ndili ndi mphindi zisanu, amayi. Nenani."

Ndinkamva tambala akulira kwathu, ndi ana akuwerenga m'madarasa.

"Aa, ndiye pita mwanangu, angakukalipire azungu. Sinali nkhani."

Kumeneko munthu ukamuuza kuti uli ndi mphindi zisanu amathokoza, n'kunena zake mwachidule. Ndinali nditaiwala kuti kwathu yankho lotero ndi kumutsekera munthu chitseko. Ndinamaliza buledi wanga n'kubwerera kuntchito nthawi ili bwino.

Za ndalama ndisabise, ndinalibe. Anthu kwathu ankaganiza kuti ndikuzitola pansi, ndipo mauthenga opempha ankabwera ngati mvula, ena ochokera kwa anthu amene sindinkawadziwa n'komwe. Ndikakana ankati ndayamba kunyada. Kandalama ka sopo kaja ndinkakagawa pakati n'kutumiza kudzera kwa Yusufu, ine n'kumadya mpunga ndi kabichi. Amayi sanapemphepo chachikulu. Ankangoti ngati yatsalako awagulire sopo wochapira ndi chitenje. Mwezi uliwonse sopo ndi chitenje. Ndinkaseka ndekha kuti koma gogoyu wayamba kutchena ukalamba uno.

Chaka chitatha ndinabwera ndi masutikesi awiri ndi ulemu wambiri. Azimayi anaimba nthungululu, ana anandizinga, amalume anapha mbuzi. Amayi anandikumbatira mwachangu n'kubwerera m'mbuyo, n'kukakhala pa mkeka wawo wokha chapatali, kambale ka lubani kakufuka pambali pawo dzuwa likuswa mtengo. Anali ataonda, maso atalowa m'kati. Nditafunsa anati ndi kusala kwa Ramazani, thupi silinabwerere. Ndinakhulupirira. Alendo anali mbwee, ndipo ine ndinatanganidwa kufotokoza za chipale chofewa ndi mabasi osadikira munthu.

Sipanapite nthawi ndinapeza ntchito pa ofesi ya bungwe lina pa boma. Bwana ankandiloza pamaso pa anzanga, "Taonani Hawa, wakhala kunja, safika mochedwa." Anzangawo anandipatsa dzina loti Abiti Wotchi, ndipo ndinkalivomera mosangalala. Kumudzi ndinkapita kumapeto kwa mwezi. Poti za kudikira lole kuti idzaze zinali zitandikwana, ndinkachita hayala njinga yamoto. Wanjingayo ankandifikitsa pakhomo penipeni n'kukhala pamthunzi kundidikira. Ndikangofika, ndisanamwe n'madzi omwe, ndinkalengeza kuti thu koloko ndinyamuka. Nthawi ikakwana amayi ankadzuka movutikira n'kuyamba kumanga chitenje. Ine ndinkati, "Khalani amayi, musavutike, njinga ili pomwepa." Ankakhala. Ndinkaona ngati ndikuwachitira chifundo. Miyezi inapita choncho, ine ndikubwera ndi shuga ndi mafuta ophikira, iwo akundithokoza ngati mlendo.

Chinatsegula nkhaniyo ndi kusowa kwa petulo. Mwezi wina wanjinga uja ananditula n'kunena kuti akupita kukasaka mafuta kwa mavenda pamsika, ndikamupeze komweko. Ndinang'ung'udza tsiku lonse. Nthawi yonyamuka itakwana amayi anamanga chitenje, ndipo ulendo uno ndinalibe chowaletsera.

Tinayenda. Ana a Yusufu anatitsatira mpaka pamjigo, agogo awo n'kuwabweza. Amayi ankayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima. Ine kutsogolo, kubwerera, kutsogolonso, mtima uli pa njinga. Anandiuza za munda wa chinangwa, za mpongozi wawo, mkazi wa Yusufu, wosakonda kusesa, za denga lodontha. Titafika pa migwalangwa pamene njira imapatukira kudimba, anakhala pa thunthu lakugwa n'kutsokomola pang'ono. Kutsokomola kumeneko ndinkakudziwa.

"Hawa, iwe wagwira ntchito ndi nkhalamba. Kodi mzimayi amene anasiya kalekale kupita kumwezi, zimatheka kuyambiranso?"

"Kuyambiranso bwanji, amayi?"

"Osasiya. Usana ndi usiku. Ndi fungo lomwe."

Ndinafunsa kuti zinayamba liti. Anati chaka chimene ndinkakonza za ulendo wanga, mvula isanagwe. Ndinakhala pamchenga ndi siketi yanga ya kuofesi. Sopo uja, zitenje zija, lubani wa masana uja, zonse zinamveka nthawi imodzi. Ndiye m'malo molira ndinakalipa, chifukwa ndi mmene ndilili ndikachita mantha.

"Nthawi yonseyi, amayi! Nthawi yonseyi muli chete! Bwanji osanena? Simukudziwa kuti matenda amenewa amafuna changu?"

Anandiyang'ana osakwiya. "Ndikananenera pati, mwanangu? Pa foni, Yusufu ali pakhutu? Tsiku lina ndinamuthamangitsa, iwe unati uli ndi mphindi zisanu. Ine za mphindi sindizidziwa, koma ndinamva kuti n'zochepa. Nkhani yamanyazi chonchi singakwane m'menemo. Utabwera ndinati tsopano ndimuperekeza mwana wanga. Koma njinga yako ija imalowa mpaka pakhomo."

Sankandinena ayi, ankangofotokoza. Akanandikalipira bwenzi ndikupepukidwa. Anafika pondipepesa kuti andichedwetsa ulendo. Pamenepo ndinalira ngati mwana, mutu uli pamiyendo pawo, iwo akundisisita mpango. Wanjinga anatopa kudikira n'kubwera kudzatifuna, ndinamuuza kuti adzatitenge m'mawa tonse awiri.

Ku chipatala cha pa boma anatitumiza ku chipatala chachikulu. Dokotala wachitsikana, waulemu wake, atawayeza anandiitanira panja. Anati ndi khansa ya khomo la chiberekero, yafalikira, opaleshoni singathandizenso, chotsala n'kuchepetsa ululu. "Akanabwera zitangoyamba bwenzi tikulankhula zina. Mwachedwa nawo." Ndinatsamira khoma. Ndinafuna kumuuza kuti ine sindichedwa, akafunse ku Jeremani. Yusufu atamva analira poyera. Anati ankaona zitenje zikuyanikidwa kuseri tsiku ndi tsiku, koma akanafunsa bwanji mayi ake zinthu zoterozo?

Mayi Inge amandilemberabe pa foni nthawi zina, kufunsa tsiku limene ndili ndi mpata kuti tilankhulane. Ndimawayankha bwinobwino, sanandilakwire. Koma pali masiku amene ndimaona uthenga wawo n'kuitembenuza foniyo chafufumimba. Ndimadandaula, ndinene mosabisa. Ndimadandaula dzanja limene ndinakweza tsiku lija. Chaka chimene ndinkasambitsa amayi a anthu ena, anga ankachapa zitenje okha kuseri kwa nyumba.

Ntchito ndinasiya, bwana akundinyengerera. Ndinabwerera ku Makanjira n'kuyala mkeka wanga pafupi ndi wawo. Apa za ku Jeremani zinagwira ntchito, ndipo pa chimenecho ndimathokoza. Ndinkadziwa kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, kumusambitsa ali chigonere osamuchititsa manyazi, kumupatsa mankhwala pa nthawi yake ululu usanadzuke. Amayi ankandiseka, "Abwera azungu anga ndi kabotolo kawo." Ululu ukagona ankalankhula, ine n'kumamvetsera osafunsa kuti nkhaniyo ikupita kuti. Anandiuza za ubwana wawo kutsidya kwa malire, za mwana wawo woyamba amene anamwalira ine ndisanabadwe, za mmene abambo anawafunsirira akuyanika usipa, iwo n'kuwakana kawiri chifukwa cha makutu aakulu. Nkhani zina zinkayamba lero n'kutha mkuja. Ndinazindikira kuti mayi anga ndinkawadziwa theka.

Mvula ili pakati mankhwala opha ululu anatsala pang'ono kutha, ndipo ankapezeka pa boma pokha. Ndinanyamuka nditawalonjeza kuti mawa ndabwera. Mankhwalawo ndinawapeza, n'kugona kwa mnzanga wa kuofesi kuja. M'mamawa Yusufu anaimba. Sanapereke moni.

"Achemwali, amayi atisiya. Itangotha swala ya m'bandakucha."

Ulendo umenewo sindiufotokoza wonse. Lole inali pasiteji, dalaivala akudya chimanga chootcha, akuti sanyamuka isanadzaze. Ndinamukuwira mpaka anthu anachita kundigwira. Ndinapeza njinga yamoto, koma msewu unali phala lokhalokha, ndipo pa mtsinje wina anyamata anachita kuisenza kuti iwoloke. Netiweki ikangogwira ndinkaimba, "Ndidikireni, ndili m'njira, chonde ndidikireni."

Ndinafika azana ya masana italira kale, matope mpaka m'mawondo. Zimene ndinaona zinandiimitsa mutu. Anthu omwe aja amene msonkhano wa m'mawa amafika dzuwa lili pamutu anali atamaliza zonse. Uthenga unali utafika midzi yonse, manda atakumbidwa m'dothi lonyowa, sanda itagulidwa n'kudulidwa, azimayi atawasambitsa amayi n'kuwakulunga. Jeneza lonyamulira maliro linali pakhomo, amuna ataima m'mizere. Panalibe wotchi pa dzanja la munthu, koma panalibenso amene anachedwa.

Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja n'kundilowetsa m'nyumba, n'kuvundukula nsalu kumaso. Nkhope yawo inali yosalala, ululu wonse utachoka. Ndinangoti ndigwade, amalume Che Bakali anaima pakhomo.

"Hawa, tinyamule."

"Amalume, ndangofika kumene. Tiike mawa. Ndikupemphani, ndikhale nawo mpaka mawa lokha."

Ku Jeremani ndinaona maliro akusungidwa m'firiji masabata kuti achibale apeze tsiku lowakomera onse. Ndinawauza zimenezo ndikulira, nditagwira mkanjo wawo. Amalume anawerama, maso ali psuu, pakuti amene anagona apo anali mlongo wawo wa bere limodzi.

"Mwanangu, takudikira. Ashehe amafuna tiike dzuwa lisanafike pamutu, ine ndinakana chifukwa cha iwe. Kupitirira apa ndiye kuwazunza. Munthu wamoyo tingamudikire tsiku lonse, koma amene wapita sitimuchedwetsa, ukudziwa iwe."

Ndinkadziwa, inde, kuyambira ubwana. Koma tsiku limenelo m'pamene ndinaona kuti anthu akwathu nthawi amaidziwa bwinobwino. Pali zimene amathamangira, pali zimene amakhalira pansi, ndipo sazisokoneza. Amene anasokoneza ndine, amene ndinapita kutali kukaphunzira.

Anawaika m'jeneza n'kulikweza pamapewa. Akazi kwathu sapita kumanda, ndiye ndinatsala pampanda ndi azimayi anzanga, mankhwala aja ali m'chikwama changa chamatope. Amuna ankayenda mwachangu monga amayendera ndi maliro, akulandirana jeneza osaima. Ndinakuwa kuti adikire pang'ono. Palibe anacheuka, ndipo posakhalitsa chimanga cha m'munda mwa amalume chinawabisa.